Idi ikubwera koma mtima ukukana: amene tinaferedwa tili kuno ku Joni

Rajabu, Mayfair:
Asalamu alaikum abale ndi alongo. Pepani, ndilemba zazitali. Amayi anatisiya mwezi wa Shawwal kwathu ku Namwera. Uthenga unandipeza m'mawa ndili pa ntchito, pofika Asri anali ataikidwa kale. Ngakhale ndikanakhala ndi ndalama m'thumba, basi ya pa Park Station sikanandifikitsa, ndiponso masiku a mu pasipoti anatha kalekale. Mng'ono wanga ananditumizira kavidiyo ka jeneza ikutuluka pakhomo, maliro a amayi anga ndinawaona choncho basi. Tsopano Idi ya nsembe yatsala sabata imodzi. Chaka chilichonse ndinkatumiza ya mbuzi, iwo n'kuimba madzulo kundiuza kuti mwendo wapita kwa uje, chiwindi adya adzukulu awo. Chaka chino sindikufuna n'komwe kumva takbira, Allahu Akbar wa pa Idi uja. Ndikuganiza zodzitsekera m'chipinda tsiku limenelo, foni n'kuzimitsa. Kodi ndikhala nditalakwa? Nanga inu amene munadutsamo munatani?

Abiti Saidi, Fordsburg:
Inna lillahi wa inna ilaihi raji'un. Pepani kwambiri achimwene. Allah awakhululukire mayi athu, awakulitsire manda awo.

Che Bwanali, Lenasia:
Pepa mwanangu. Maliro a pa foni ndi owawa, amene sanawaone sangamvetse. Kwathu ukaferedwa umagona pa siwa, umamva anthu akulira, umagwira nawo jeneza, umaponya dothi ndi dzanja lako. Thupi limatopa, mutu n'kuvomera kuti zachitikadi. Kuno umalandira uthenga, abwana akuti pepa, mawa lake uli pa shelefu kupanga katundu. Ndiye chisonicho chimakhala chikudikira, chimadzatuluka tsiku ngati la Idi. Bambo anga atamwalira ndinali kuno, ndipo chinandigwetsa si tsiku la maliro ayi, koma Idi yotsatira, nditagwira foni kuti ndiwaimbire mwachizolowezi.

Twaibu, Jeppestown:
Pepani achimwene, koma tinene zoona. Chisilamu chatipatsa masiku atatu olira, kupitirira apo ndi kusakhutira ndi chiweruzo cha Allah. Ndiponso tinamva kuti wakufa amazunzika ndi kulira kwa abale ake. Mukufuna amayi azivutika m'manda chifukwa cha inu? Limbani mtima, ndinu mwamuna. Sambani, valani mkanjo, kaswalini.

Mayi a Shakira, Turffontein:
A Twaibu, munthu wabwera ndi bala inu mwamulandira ndi tsabola. Mukanadikirako kaye.

Twaibu, Jeppestown:
Mayi, ine ndanena zimene ndinaphunzira. A Shehe ali pompano, atikonze ngati ndaphonya.

Shehe Imrani, Mayfair West:
Wa alaikum salam. Achimwene a Rajabu, Allah akupatseni kupirira, ndipo awaike amayi m'gulu la anthu abwino. Ndiyambe ndi zimene anena a Twaibu, chifukwa ndi mawu amene ambiri timawanena pa maliro ndi mtima wabwino, koma amavulaza.

Masiku atatu alipodi mu hadisi, mawu a Mtumiki Muhammad. Koma akunena za kukhala pa maliro koonekera kunja, monga mkazi kusiya zodzikongoletsa chifukwa cha m'bale wake, ndiponso ndi nthawi imene anthu amabwera kudzapepesa. Palibe paliponse pamene mtima unalamulidwa kuti tsiku lachinayi usiye kuwawa. Mtumiki (SAW) amayi ake Amina anamwalira iye ali ndi zaka 6. Patapita zaka zambiri, ali kale Mtumiki, anakaima pa manda awo ku Abwa ndipo analira mpaka amene anali naye analira nawo. Zimenezi zili mu Sahih Muslim. Mwana wake Ibrahim akumwalira, misozi inatsika, Abdurrahman bin Auf n'kudabwa kuti kodi inunso? Anayankha kuti chimenecho ndi chifundo, diso limakhetsa misozi, mtima umadandaula, koma sitinena china koma chimene Mbuye wathu akondwera nacho. Mneneri Yakubu mu Surat Yusuf maso ake anachita kuyera ndi chisoni cha mwana wake, ndipo Qur'an simudzudzula. Iye anati madandaulo ake akuwapereka kwa Allah.

Choletsedwa ndi kudzimenya mbama, kung'amba zovala, kukuwa mawu otsutsana ndi Allah. Za wakufa kuzunzika ndi kulira kwa abale, Mayi Aisha (RA), mkazi wa Mtumiki, anatsutsa kamvedwe kameneko, anakumbutsa ayah yakuti palibe mzimu udzasenze mtolo wa wina. Maulama ambiri, akatswiri a chipembedzo, anafotokoza kuti zikukhudza munthu amene anachita kulamula kuti adzamulire mokuwa. Choncho a Rajabu, misozi yanu siikuwapweteka amayi.

Tsono funso lanu. Ku mazihabu a Shafi'i, kamvedwe ka malamulo a Chisilamu kamene ambiri a ife tinakulira, swala ya Idi ndi sunna yotsimikizika, yolimbikitsidwa koma yosakakamiza. Abale athu a Hanafi, amene ndi ambiri m'mizikiti ya kuno, amati ndi wajibu, yokakamiza. Ine sindikuopsezani ndi tchimo. Ndikukupemphani kuti mubwere, ngakhale muime mzere wa kumapeto, ngakhale muchoke anthu asanayambe kukumbatirana.

Twaibu, Jeppestown:
Jazakallah a Shehe. Koma mfundo yanga yoti akaswali ndiye yomweyo.

Abiti Saidi, Fordsburg:
Mfundo yomweyo, kanenedwe kosiyana, a Twaibu.

Rajabu, Mayfair:
Zikomo a Shehe. Za ku Abwa sindinazimvepo. Chimene chikundidya kwambiri si kulira ayi. Ndi choti amayi akudwala ankandifunsa kuti ubwera liti, ine ndinkati ndikonze kaye mapepala. Mukudziwa lamulo la kuno, ukapitirira masiku opitirira 30 n'kutulukira pa Beitbridge amakuletsa kulowanso kwa zaka 5. Ndikanapita, ndani akanalipira mankhwala awo ndi fizi ya ana a mlongo wanga? Ndinasankha kukhala. Usiku ndimawerengera mobwerezabwereza, yankho silisintha koma tulo sitibwera.

Che Bwanali, Lenasia:
Mwanangu, masamu amenewo tonse tinawachitapo. Ukanapita ukanadziimba mlandu kuti mankhwala anasowa. Wakhala, ukudziimba mlandu kuti sunawaone. Mlandu umenewo ulibe mbali yopambana, usiye kuuzenga wekha usiku.

Shehe Imrani, Mayfair West:
Pali swahaba wina, Sa'd bin Ubada, amene amayi ake anamwalira iye kulibe. Atabwera anafunsa Mtumiki (SAW) ngati kupereka sadaka m'dzina lawo kungawathandize. Anayankhidwa kuti inde, iye n'kupereka munda wake wa zipatso. M'malipoti ena anafunsa sadaka yabwino koposa, anauzidwa kuti ndi madzi, ndiye anakumba chitsime. Taonani kuti sanafunsidwe kuti unali kuti amayi ako akumwalira. Anapatsidwa chochita. Ndipo mukudziwa hadisi ija ya zinthu zitatu zimene sizitha munthu akamwalira: sadaka yopitirira, maphunziro othandiza anthu, ndi mwana wabwino womupempherera. Chachitatucho sichifuna pasipoti.

Hassani, Newtown:
Katundu wopita ku Blantyre, Zomba, Liwonde, Mangochi, galimoto inyamuka Lachisanu. Mafiriji, mabedi, njinga, zonse timanyamula. Ndipezeni kumbali.

Abiti Saidi, Fordsburg:
A Hassani, mwawerenga zimene zikukambidwa pano?

Hassani, Newtown:
Pepani abale, ndatumiza m'magulu onse nthawi imodzi. Pepani achimwene a Rajabu, Allah awachitire chifundo amayi. Ngati pali kanthu kofuna kutumiza kumudzi pa Idi ino, kanu ndinyamula ulere.

Mayi a Shakira, Turffontein:
Ndiloleni nanenso ndilankhule, chifukwa nkhani za ife amayi sizikambidwa kawirikawiri pano. Bambo a Shakira anamwalira miyezi iwiri yapitayo, tinawaika konkuno ku Westpark. Ndili mu eda, nthawi ya mkazi wamasiye yokhala pa maliro, miyezi 4 ndi masiku 10, ndiye Idi indipeza ndili momwemo. Kumudzi mkazi wa mu eda amakhala m'nyumba, achemwali ake amaphika, apongozi amatunga madzi, ana amasewera ndi anzawo. Kuno lendi sadziwa eda. Ndimagwira ntchito ya m'nyumba kwa anthu ena, ndikapanda kupita alemba wina. Ndiye ndimapita m'mawa, osadzola kanthu, osavala zowala, dzuwa lisanalowe ndabwerera. Ena akundinena kuti ndaphwanya eda. Ena akuti ndiwagulire ana zovala za Idi, ena akuti pa nyumba ya maliro sipayenera chisangalalo. Shakira ali ndi zaka 7, dzulo wandifunsa ngati chaka chino kuli Idi kapena yapita ndi adadi. Ndinalowa m'bafa kukalira kuti asandione.

Abiti Saidi, Fordsburg:
Mayo ine achemwali. Bwanji osanena nthawi yonseyi?

Mayi a Shakira, Turffontein:
Masiku atatu oyamba anthu anadzaza nyumba, mpaka ena kuima pa khonde. Itatha sabata, zii. Umachita manyazi kuimbira anthu kuti ndikadali pompaja.

Shehe Imrani, Mayfair West:
Mayi, amene akukunenaniwo abwere ndi lendi kaye. Maulama amalola mkazi wa mu eda ya imfa kutuluka masana pa chosowa chenicheni, monga kufuna chakudya cha ana, bola azigona pakhomo pake. Mmene mukuchitiramo ndi momwemo. Ndipo eda ndi yanu, si ya ana. Shakira avale chatsopano, adye nyama, alandire timakobiri ta Idi ngati anzake. Mawu anu oti itatha sabata kunali zii atichititse manyazi tonse, kuyambira ine. Ja'far bin Abi Talib ataphedwa ku Mu'tah, Mtumiki (SAW) analamula kuti banja lake aliphikire chakudya chifukwa lagwidwa ndi zolitangwanitsa. Ife tinazitembenuza, anamfedwa ndi amene amaphikira alendo.

Abiti Saidi, Fordsburg:
Zovala za Shakira ndi mng'ono wake zisiyeni kwa ine, ndidutsa pa Oriental Plaza Loweruka. Munditumizire misinkhu yawo kumbali. Ndipo musamabisale m'bafa nthawi zonse. Mwana akakuonani mukulira n'kumuuza kuti ndawasowa adadi, naye amadziwa kuti akhoza kunena. Mdzukulu wa achemwali anga anasiya kulankhula za bambo ake chifukwa ankaona kuti akawatchula akuluakulu onse amasintha nkhani.

Asiyatu, Rosettenville:
Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo tinaphunzitsidwako pang'ono za zimenezi. Sindine dokotala ayi, koma ndinene zimene ndikudziwa. Kusowa tulo, kusafuna chakudya, kuiwalaiwala, kupsa mtima ndi zinthu zazing'ono, kumva ngati wamva mawu a malemuyo, zonsezi zimachitika kwa oferedwa ndipo si misala, si majini. Masiku a chikondwerero zimakula chifukwa mpando wopanda munthu umaonekera. Zimabwera, zimapita, zimabweranso.

Koma pali pamene munthu ayenera kuonana ndi achipatala. Ngati miyezi ikupita iwe osatha kudzuka kupita ku ntchito, ngati wayamba kumwa mapiritsi ogonetsa tsiku ndi tsiku kapena zoledzeretsa kuti uiwale, makamaka ngati maganizo ofuna kudzipha kapena kutsatira malemuyo akubwera, osadikira. Kuno kuli SADAG, bungwe lothandiza anthu ovutika maganizo, nambala yawo ya 0800 567 567 ndi yaulere. Kulinso Islamic Careline, amene amapereka uphungu kwa Asilamu. A Rajabu, mwanena zodzitsekera ndi kuzimitsa foni. Ndikufunsani poyera ngati mlongo wanu: ndi kufuna kupuma chabe, kapena pali maganizo ena?

Rajabu, Mayfair:
Ayi achemwali, zodzipweteka sindinaganizepo, Alhamdulillah. Ndikungoopa nthawi ija swala ikatha aliyense akutulutsa foni kuimbira kwawo. Koma zikomo pofunsa, palibe anandifunsapo choncho.

Twaibu, Jeppestown:
Ine za uphunguzi ndimazikayikira. Msilamu ali ndi Qur'an ndi swala, akafunenso chiyani kwa munthu wachilendo?

Asiyatu, Rosettenville:
A Twaibu, shuga akakwera mumawerenga Yasin yokha kapena mumapitanso ku kiliniki? Mayi Aisha ankalamula kuti oferedwa awaphikire talbina, phala la balere lothira mkaka ndi uchi, ndipo ankati anamva Mtumiki (SAW) akunena kuti limatonthoza mtima wa wodwala ndi kuchotsako china mwa chisoni. Ngati phala linaloledwa kuthandiza mtima, kulankhula ndi munthu wodziwa ntchito yake kungaletsedwe bwanji?

Che Bwanali, Lenasia:
Ha, Asiyatu wayankha ngati wakhala pa madrasa zaka khumi. Balere amapezeka m'mashopu a ku Fordsburg. Akasowa, phala la mgaiwa lothira nsinjiro silinakhumudwitsepo munthu.

Jafali, Marshalltown:
Ndakhala ndikungowerenga. Ine ndinkakhala pafupi ndi nyumba ya Usindiso imene inapsa pa 31 August 2023, anthu 76 anafa, ena mwa iwo a kwathu. Mnzanga amene tinakwera naye basi imodzi kuchokera ku Machinga anathera momwemo. Chaka chomwecho mu March namondwe wa Freddy anali atatenga azakhali anga ku Chilobwe, thupi silinapezeke. Ndiye ine ndili ndi anthu awiri opanda manda oti ndingakaimepo. Idi yoyamba ndinachita zimene a Rajabu akuganizazo, ndinatseka chitseko. Sindikunamizani, sizinandithandize. Makoma a zipinda zathuzi ndi mabolodi, umamva anzako akuseka, fungo la nyama likulowa, iwe uli chigonere ndi njala. Chaka chotsatira ndinapita kukagwira ganyu yosenda mbuzi ku pulazi ina kupitirira Lenasia, kumene mabanja amakazinga nsembe zawo. Kuyambira m'mawa mpaka madzulo mpeni m'manja, kuzizira kwa kuno mukukudziwa. Ndinalira ndikusenda, palibe anaona. Madzulo ndinabwera ndi nyama yambiri, ndinagawira anyamata amene anapulumuka pa moto uja. Sindikuti ndinachira. Koma tsikulo linadutsa ndili ndi anthu.

Shehe Imrani, Mayfair West:
Allah akulipire, Jafali. Dziwa kuti mu hadisi womira m'madzi, wogweredwa ndi nyumba ndi wakufa ndi moto anatchulidwa m'gulu la mashahidi. Duwa imawapeza ngakhale manda sakudziwika.

Rajabu, Mayfair:
A Shehe, nditamva uthenga ndinapempha ku mzikiti wina wa kuno kuti tiswalire amayi swala ya janaza ya kutali. Anandiuza mwaulemu kuti iwo sachita. Ndinachoka ndili wokhumudwa kwambiri.

Shehe Imrani, Mayfair West:
Musawasungire chakukhosi, ndi kusiyana kwa mazihabu. A Hanafi saswalira maliro amene sali pamaso pawo. A Shafi'i amalola, umboni wawo ndi woti Najashi, mfumu ya ku Habasha, atamwalira kwawo, Mtumiki (SAW) anaimika maswahaba m'mizere ku Madina n'kumuswalira. A Hanafi amati zimenezo zinali za Najashi yekha. Onse ali ndi maulama akuluakulu kumbuyo kwawo. Vuto lathu ndi loti timakhala mu mzinda wa anthu ena, timaswali kumbuyo kwa maimamu amene sadziwa kuti ku Namwera kuli mayi wamwalira. Mukanandiimbira tikanasonkhana anthu khumi pabwalo la nyumba, ndi zokwanira. Ndipo tikhoza kuchitabe.

Che Bwanali, Lenasia:
Nanga arubaini inachitika kumudzi? Chifukwa kwathu munthu amapepukidwa sadaka ya masiku 40 ikachitika. Abale onse amabweranso, mpunga uphikidwa, mashehe awerenga, usiku sikiri, kutchula Allah mokweza pamodzi. Pamenepo ndi pamene amasiye amaona kuti sanatayidwe.

Twaibu, Jeppestown:
Apo ndiye ayi, Che Bwanali, ndi ulemu wonse. Arubaini mulibe mu Qur'an ngakhale mu Sunna. Mtumiki (SAW) anaferedwa Mayi Khadija ndi Abu Talib, m'bale wa bambo ake, chaka chimodzi, mpaka chinatchedwa chaka cha chisoni, kodi anachita arubaini? Ndiponso ndi mtolo. Munthu ali kuno akulandira ndalama zochepa, kumudzi akumuuza tumiza ya matumba a mpunga ndi mbuzi ziwiri, anthu adye. Ena amakongola mwakatapira chifukwa cha zimenezi.

Che Bwanali, Lenasia:
Mwanawe, mkangano wa Akadiriya ochita sikiri ndi Asukuti oikana unayamba iwe usanabadwe, ine ndinaupeza, ndipo tonse tidzausiya. Za ngongole ndikugwirizana nawe, palibe chifukwa choti wamoyo amire kuti anthu akhute. Koma amene mumathetsa arubaini simuikapo china m'malo mwake. Mwamva Mayi a Shakira, itatha sabata kunali zii. Makolo athu ankadziwa kuti pakatha mwezi ndi pamene chisoni chimaluma, ndiye anapangana tsiku loti anthu abwerenso. Litchuleni dzina lina ngati mukufuna, koma bwerani.

Twaibu, Jeppestown:
Kuyendera wamasiye ndi sunna tsiku lililonse, sikufuna kuwerenga masiku 40.

Che Bwanali, Lenasia:
Ndiye unapitako liti ku Turffontein?

Abiti Saidi, Fordsburg:
Abambo, nkhani iyi mukaipitirize kumbali. Sitithetsa lero zimene zinalephera mashehe a ku Mangochi.

Grace, Yeoville:
Pepani kulowerera, ine ndine wa CCAP koma amuna anga ndi Msilamu, ndi amene anandilowetsa pa gulu lino. Ndimangofuna kunena kuti zimenezi n'chimodzimodzi kwa ife pa Khirisimasi. Kusiyana kwake, Khirisimasi kuno ndi holide, pamene Idi ambiri a inu mumachita kupempha kwa abwana, ena amakanizidwa. Amuna anga chaka chimene anaferedwa mchimwene wawo anaswali m'mawa, 9 koloko ali pa ntchito, kumwetulira makasitomala. Anafika kunyumba osalankhula. Ndiye amene muli ndi mwayi wopuma tsikulo muziwakumbukira a mashifiti, kachakudya kaziwadikira madzulo.

Rajabu, Mayfair:
Funso lina a Shehe. Ndalama ya mbuzi ndinali nditayamba kale kusunga amayi asanamwalire. Kodi ndingazinge nsembe m'dzina lawo?

Shehe Imrani, Mayfair West:
Apanso pali kusiyana. A Hanafi amalola kuzingira wakufa. Ku Shafi'i mawu odziwika ndi oti nsembe ya Idi siichitidwa m'dzina la wakufa pokhapokha ngati anasiya wasiya. Njira imene onse sakangana nayo ndi iyi: zingani nsembe yanu monga mwa nthawi zonse, nyama mugawe, mupemphe Allah kuti amayi awafikitsire malipiro a sadakayo. Koma ndikuuzeni chinthu chimene chimandikhudza ine. Mayi Khadija atamwalira, Mtumiki (SAW) akazinga mbuzi ankatumiza nyama kwa anzawo a Khadija, mpaka Mayi Aisha ananena okha kuti ankachita nsanje ndi mkazi amene sanamuonepo. Mwanena kuti amayi ankakuuzani kumene mwendo wapita. Mayina amenewo mukuwadziwa. Muuzeni mng'ono wanu mwendo upite komweko chaka chino.

Rajabu, Mayfair:
Pali agogo ena osaona kuseri kwa mzikiti wa kwathu, amayi sankawaiwala. Ndi mayi wina amene ankagulitsa naye usipa pa msika. Ndimuimbira mng'ono wanga usiku uno. Koma kunena zoona sindikulonjeza kuti tsikulo ndidzakhala bwino.

Jafali, Marshalltown:
Palibe wakupemphani kuti mukhale bwino achimwene. Ingotsegulani chitseko ndikadzagogoda. Ndidzadutsa ku Mayfair Fajr ikangotha, tidzapitire limodzi. Mukadzafuna kuchoka msanga tidzachoka.

Asiyatu, Rosettenville:
Ndipo nthawi ya mafoni ija mukonzeretu. Musadikire kuti ikupezeni. Pangani kuti swala ikangotha muimbire mlongo wanu kapena mng'ono wanu, chifukwa nawonso ili ndi Idi yawo yoyamba, ndipo iwo ali m'nyumba momwemo, akuona mkeka wa amayi. Mwina akuopa kukuimbirani poganiza kuti akukhumudwitsani, inunso mukuopa chimodzimodzi.

Mayi a Shakira, Turffontein:
Zimenezo n'zoona. Apongozi anga ku Ntaja sitinalankhulane mwezi wathunthu, aliyense kuopa kuliza mnzake. Tsiku limene ndinaimba tinalira, kenako anayamba kundiuza za mwana wawo ali wamng'ono, mmene anagwera mu mtengo wa mango akuba a eni ake. Ndinaseka koyamba chimwalirireni bamboo. A Shehe, kodi ndingapite ku Westpark tsiku la Idi? Ana akufuna.

Shehe Imrani, Mayfair West:
Mayi, inu dikirani eda ithe, pakuti ulendo umenewo si wa chosowa chokakamiza. Za amayi kupita ku manda maulama amasiyana, tidzakambirana nthawi yake ikafika. Ana ndikhoza kuwatenga ine ndi Che Bwanali ngati mwalola, akapereke salamu kwa bambo awo. Palibe lamulo loti ziyara, kuyendera manda, ichitike pa Idi penipeni, ndi chizolowezi chabe, ndipo tsikulo ku manda kumadzaza. Tsiku lachiwiri kungakhale bwino. Inu gwiritsani duwa imene Ummu Salama ananena amuna ake atamwalira, yopempha Allah malipiro pa tsoka lake ndi kuti amupatse chabwino m'malo mwake. Ndikutumizirani mawu ake kumbali kuti muloweze.

Abiti Saidi, Fordsburg:
Chabwino, tamva zambiri, tsopano tipangane, chifukwa maliro n'kulirana. Popeza Mayi a Shakira sangachoke pakhomo, Idi ipite kwa iwo. Amayi tidzafika ku Turffontein cha m'ma 11, tidzaphika komweko, iwo asagwire mphika. Ine ndibweretsa mpunga wa Kilombero umene anandibweretsera a Hassani mwezi watha. Asiyatu, tomato ndi anyezi. Grace, ngati mungathe mandasi aja. Achemwali, pabwalo panu pangakwane anthu angati, ndipo eni nyumba savuta?

Mayi a Shakira, Turffontein:
Kuseri kuli malo, anthu 20 akhoza kukwana ngati ena akhala pa mikeka. Eni nyumba ndiwauza mawa. Koma mbaula yanga ndi ya mbale ziwiri, magetsi akathima ndiye basi.

Che Bwanali, Lenasia:
Nyama ndibweretsa ine, tagwirizana anthu 7 pa ng'ombe imodzi kuno, gawo langa lonse lipita kumeneko. Koma idzafika mochedwa, mwina cha m'ma 2, mizere ya ku pulazi mukuidziwa. A Shehe, swala ya kutali ija ya mayi a Rajabu tidzachitire pomwepo Asri isanakwane. Jafali, ubweretse mayina a anthu ako awiri aja, ndi anyamata aja ngati angafune.

Shehe Imrani, Mayfair West:
Insha Allah. Aliyense amene ali ndi wake amene anamwalira kumudzi iye ali kuno anditumizire dzina kumbali lisanafike Lachinayi. Amuna tidzakhala pabwalo, amayi m'nyumba. A mashifiti, mbale zanu zidzasungidwa mpaka Isha.

Grace, Yeoville:
Mandasi ndibweretsa. Amuna anga atumiza dzina la achimwene awo.

Twaibu, Jeppestown:
Ndinene poyera kuti ngati kudzakhale sikiri ine ndidzatuluka panja. Koma mbaula ya makala ndili nayo yaikulu, ndi thumba la makala, ndi mipeni iwiri yakuthwa. Anyamata a ku Jeppe tili anayi. Takisi yopita ku Turffontein timakwerera pati kuchokera m'tauni?

Che Bwanali, Lenasia:
Sikiri kulibe, eni nyumba angatithamangitse. Ubwere ndi makalawo msanga, amayi asadikire iwe kuti ateleke mpunga. Za takisi funsa Asiyatu, ndi njira yake ya tsiku ndi tsiku.